Manja, mzere, pepala kapena foni: kusankha njira yovotera m'makomiti ndi pa chipulula ku Mangochi

Chisankho cha pulezidenti, aphungu ndi makhansala chimabwera kamodzi pa zaka zisanu, ndipo chapitachi chinali pa 16 Seputembala 2025. Koma kuno ku Mangochi kuvota sikutha. Mwezi uno ndi BVC (komiti yoyang'anira za usodzi pagombe) pa gombe la Msaka, mwezi wamawa VDC (komiti ya chitukuko cha m'mudzi) kwa Jalasi, kenako kopaletivi ya alimi ku Namwera, komiti ya sukulu, ya mzikiti, ya mpingo, gulu la akabaza pa boma. Zipani nazo zili ndi chipulula chawo, chisankho chopezera amene adzaimire chipani. Zisankho zimenezi si za MEC, choncho funso loti "tivota bwanji?" limagwera inu eni ake, ndipo kawirikawiri limafunsidwa mochedwa, anthu atakhala kale pansi pa mtengo.

Yambani mwatsegula malamulo a gulu lanu. Ngati munalembamo kuti voti ndi yachinsinsi, nkhani yathera pomwepo, chifukwa kusintha njira pa tsiku la chisankho n'kupatsa wogonja poyambira dandaulo. Ngati malamulowo sanenapo kanthu, m'pamene pakufunika kuyerekeza.

ZOYENERA KUYANG'ANA

Choyamba ndi mantha. Kodi wovota ataya chiyani opikisana akadziwa amene wamusankha? Mlovi, msodzi waganyu, amene amadya chifukwa cha khoka la chilimira la bwana wake sangaime kumbuyo kwa munthu wina pamene bwanayo akupikisana nawo. Mayi amene akudikira kuti dzina lake lilowe m'kaundula wa Mtukula Pakhomo amayamba waona kaye kumene a nyakwawa apendekera. Pamalo potere njira yoonekera imangowerenga anthu amene ali m'manja mwa wopikisana, osati amene akumufuna.

Chachiwiri ndi umboni: chisankho chikatha, chatsala n'chiyani chomwe mungawerengenso wina akadandaula mawa? Chachitatu, ganizirani agogo ndi ena amene sukulu sanapite nayo patali, komanso amene Chiyao ndiye chilankhulo chawo cha tsiku ndi tsiku. Chachinayi ndi nthawi. Asodzi ausiku amakocheza m'mawa atatopa, Lachisanu masana anthu ali ku mzikiti, m'mwezi wa Ramadan simungasunge anthu padzuwa tsiku lonse, ndipo m'dzinja anthu ali kumunda komanso misewu ina, monga ya kwa Makanjira, imavuta. Ndalama taziika pomaliza dala, popeza njira yodula kwambiri pano imangofuna mapepala ndi ndowa.

Pali chinthu chimodzi chimene njira zonse zimadalira: kaundula wa ovota. Mikangano yambiri imayamba pa funso loti woyenera kuvota ndani. Lembani mayina, muwapachike poyera sabata imodzi kapena ziwiri chisankho chisanafike, mulandire madandaulo, kenako mutseke. Pa BVC gwirizanani msanga za asodzi obwera amene amakocheza pagombe lanu miyezi ya usipa yokha: avota kapena ayi? Pa tsikulo aliyense aonetse chiphaso cha unzika kapena khadi la umembala, dzina lake lichongedwe.

KUKWEZA MANJA

Mtengo: palibe.

Kupezeka kwake: paliponse, nthawi ina iliyonse, malinga anthu asapitirire 30 kapena 40 ndipo onse akhale pansi moti wowerenga awaone.

Kusamalira: mlembi alembe manambala m'buku la misonkhano nthawi yomweyo, opikisana asaine.

Zovuta: anthu amayamba ayang'ana dzanja la wamkulu. Ena amakweza kawiri, ena amakweza theka n'kutsitsa. Gulu likakula, owerenga awiri sapeza nambala imodzi. Njirayi ndi yabwino povomereza mfundo, monga tsiku la msonkhano kapena chopereka cha pamwezi. Posankha munthu wosunga ndalama siyenera.

KUIMA PAMZERE

Apa opikisana amaima kutsogolo, owafuna n'kundanda kumbuyo kwawo. Zipani za m'dziko muno zaigwiritsa ntchito kwambiri pa chipulula.

Mtengo: chingwe cholekanitsa mizere, choko kapena inki yoika pachala, ndi owerenga okwanira. Anthu 500 mutha kuthana nawo pasanathe ola limodzi.

Kupezeka kwake: bwalo la mpira kapena la sukulu likwanira. Sipafunika kudziwa kuwerenga, ndipo ichi ndiye chimene anthu amaikondera.

Kusamalira: mzere umafuna chitetezo kuposa njira ina iliyonse. Bwalo likhale ndi khomo limodzi, olowa achongedwe m'kaundula, ndipo khomo litsekedwe mizere isanayambe. Werengani mizere yonse nthawi imodzi, aliyense wowerengedwa akhale pansi pomwepo. Wowerenga aliyense ayende ndi mamonita a opikisana onse, akutchula manambala mokweza.

Zovuta: okonda mzere amati palibe kubera chifukwa aliyense akuona ndi maso ake. Zoona zake n'zakuti mzere ukabalalika, umboni wapita nawo. Ku Kenya m'chaka cha 1988, nthawi ya Daniel arap Moi, chipani cha KANU chinagwiritsa ntchito njirayi, yomwe kumeneko ankaitcha mlolongo, ndipo kunamveka madandaulo ochuluka oti a mizere yaifupi ndi amene ankalengezedwa kuti apambana. Pofika 1990 anaisiya. Uganda inasankha atsogoleri a m'midzi pamzere mu 2018 pofuna kupulumutsa ndalama, koma nkhawa ya chinsinsi sinathe.

Kuno kwathu zovuta zake n'zodziwika. Galimoto imatsitsa anthu a dera lina mizere itayamba kale. Ana osakwana zaka 18 amalowetsedwa pakati. Anthu akaona mzere wina ukutalika amathamangira komweko kuti asaoneke kuti anali ku mbali yogonja. Amene anagawa ndalama usiku amakhala ndi anyamata oona ngati olandirawo aimadi kumbuyo kwake, motero mzere ndi njira imene wogula mavoti amaikonda kwambiri. Malo ena amatembenuza opikisana kapena kuwamanga nsalu kumaso, koma izi sizithandiza kwenikweni, achibale awo akuona. Ndipo chidani chimatsalira m'mudzi: mkazi amene waima mzere wosiyana ndi wa mwamuna wake akayankha mafunso kunyumba.

Chipulula chosakhutiritsa chimabala oima paokha. Mu 2014 aphungu oima paokha anali 52 mwa mipando 193, mu 2019 anali 55, ndipo ena mwa iwo anali anthu amene anachoka m'zipani zawo atakhumudwa ndi chipulula. Chipani chimene chikuganiza kuti chapulumutsa ndalama ya mapepala chiziwerengeranso mpando umene chingataye.

PEPALA LACHINSINSI

Mtengo: limu imodzi ili ndi mapepala 500. Mukadula lililonse panayi mupeza mapepala ovotera 2,000, okwanira maudindo anayi kwa anthu pafupifupi 500. Onjezani fotokope, zolembera, chidindo ndi inki yake, selotepi, maenvulopu akuluakulu, ndowa zoonekera mkati zokhala ndi chivundikiro, ndi tochi kapena nyali ya sola. Sindikizani mapepala owonjezera 10 pa 100 alionse, osapitirira apo, ndipo nambala yake ilengezedwe kuvota kusanayambe. Mtengo weniweni ndi nthawi. Ngati munthu mmodzi amatenga mphindi imodzi, anthu 300 pa tebulo limodzi ndi maola asanu. Gawani kaundula patatu, tebulo lililonse ndi mobisalira mwake, muthe pasanakwane maola awiri.

Kupezeka kwake: makina a fotokope alipo pa boma, ku Monkey Bay ndi ku Namwera, koma sindikizani kutatsala masiku awiri kapena atatu chifukwa magetsi sapanganika. Izi zikutanthauza kuti mayina a opikisana atsekedwe msanga. Mobisalira mutha kupanga ndi katoni yaikulu kapena zitenje ziwiri. Oyendetsa chisankho akhale anthu a kunja kwa gululo: aphunzitsi a sukulu ya mudzi wina, mlangizi, kapena funsani ku ofesi ya NICE, bungwe lophunzitsa anthu za demokalase ndi zisankho, ngati angakupatseni munthu.

Pepala likhale ndi dzina komanso chizindikiro cha wopikisana aliyense, monga khasu, njinga, bwato kapena mtondo, kuti wosadziwa kuwerenga avote yekha. Pa komiti ya chitukuko pewani tambala, chimanga ndi manja ogwirana, chifukwa anthu aziona ngati zipani. Ndondomeko ya mayina ichitike mwa maere. Udindo uliwonse ukhale ndi mtundu wake wa pepala. Kumbuyo kwa pepala kudindidwe pa nthawi yolipereka, osati usiku wake. Pa pepala lenilenilo musalembe nambala, chifukwa nambala imalondoleka mpaka kwa wovota.

Kusamalira: onetsani ndowa kuti ilibe kanthu, muitseke ndi selotepi, mamonita asaine pamwamba pake. Musanatsegule, gwirizanani za voti yowonongeka: wachonga anthu awiri kapena walemba dzina lake, yawonongeka, wadinda chala kapena waika mtanda m'malo mochonga koma zikuoneka amene akumufuna, ndi yabwino. Mukayamba kukambirana zimenezi mavoti atayamba kuoneka, aliyense amangoteteza zomukomera.

Werengerani pamalo pomwepo, ndowa isayende. Yambani ndi masamu a mapepala, musanayang'ane kuti wavoteredwa ndani. Ngati munasindikiza 330, ndipo 41 atsala, 4 anawonongeka asanaponyedwe, m'ndowa muyenera kupezeka 285, ndipo mayina ochongedwa m'kaundula akhalenso 285. Manambala amenewa akasiyana, imani kaye. Kenako onetsani pepala lililonse kwa mamonita, muunjike m'milu ya makumi awiri. Zotsatira zilembedwe m'manambala ndi m'mawu, monita aliyense atenge pepala lake losainidwa, lina limatidwe pachitseko, ndipo aliyense wofuna ajambule ndi foni.

Pa pepala la zotsatira musafufute kanthu. Mukalakwitsa, dulani mzere umodzi, lembani nambala yoyenera pambali, onse asaine. Dziko lino linaphunzira zimenezi movutikira: chisankho cha pulezidenti cha pa 21 Meyi 2019 chinathetsedwa ndi khothi pa 3 Febuluwale 2020, ndipo zina mwa zifukwa zake zinali Tipp-Ex ndi mapepala a zotsatira osinthidwa kapena osasainidwa bwino. Kuno ku Mangochi makhothi analamulanso chibwereza cha aphungu ku Mangochi West ndi Mangochi North East, chomwe chinachitika mu 2020. Chibwereza chimatheka chifukwa pamakhala mapepala oti woweruza aone. Inunso sungani mavoti mu envulopu yomata kwa masiku amene mwagwirizana, mwachitsanzo 30, kwa munthu amene sanapikisane nawo.

Zovuta: zitatu ndizo zimabwerezabwereza. Yoyamba ndi "kuthandiza" agogo, pamene munthu mmodzi amalowa ndi nkhalamba khumi n'kuzichongera zonse. Lamulo likhale loti wovota asankhe yekha womuthandiza, wothandizayo asathandize woposa mmodzi, ndipo asakhale monita. Yachiwiri ndi pepala lozungulira: wina amatuluka ndi pepala lodindidwa osaliponya, panja amalichonga, wotsatira amalowa nalo n'kuliponya, iye n'kutulutsa lake losachonga, mpaka gulu lonse latha. Mankhwala ake ndi munthu mmodzi woima pa ndowa kuonetsetsa kuti aliyense waponyadi pepala lodindidwa. Yachitatu ndi kujambula pepala ndi foni kuti akaonetse amene wamulipira. Foni isalowe mobisalira.

NYEMBA, TIMIYALA NDI MABOKOSI AMBIRI

Wopikisana aliyense amakhala ndi bokosi lake lokhala ndi chithunzi chake, mabokosi onse ali kuseri kwa chotchinga, ndipo wovota amaponya kanthu kamodzi m'bokosi la amene akumufuna. Dziko la Gambia limavota chonchi mpaka pa chisankho cha pulezidenti: wovota amapatsidwa kampira kagalasi kamodzi, n'kukaponya m'chitini chomwe chili ndi belu mkati, kuti akaponya tiwiri zimveke.

Mtengo: wochepa, zitini kapena ndowa zofanana ndi chiwerengero cha opikisana.

Kupezeka kwake: njirayi imathandiza kumene fotokope ili kutali ndipo ambiri sawerenga. Koma musagwiritse nyemba kapena chimanga wamba, aliyense atha kubwera nazo m'thumba. Dulani timakadi todinda chidindo, kamodzi pa munthu.

Kusamalira: ikani nsalu kapena mchenga pansi pa chitini kuti phokoso lisaulule kumene munthu waponya. Pakapita anthu angapo, woyendetsa chisankho alowe ndi mamonita kukaona ngati mabokosi ali bwino.

Zovuta: munthu ali yekha ndi mabokosi onse. Atha kunyamula kuti amve lolemera, kutseka kabowo ka bokosi la mdani wake, kapena kutuluka ndi kakadi n'kukagulitsa. Mapazi pa mchenga amaonetsanso bokosi limene anthu akupitako. N'chifukwa chake pa riferendamu ya pa 14 Juni 1993 ofuna zipani zambiri anakana maganizo oti pakhale mabokosi awiri, la tambala (chipani chimodzi) ndi la nyali (zipani zambiri), mpaka anagwirizana za bokosi limodzi. Maudindo akakhala asanu, muvotanso kasanu.

FONI NDI MAKINA

Mtengo: bandulo basi, ngati n'kuvota pa WhatsApp. Makina enieni ovotera si a gulu la m'mudzi.

Kupezeka kwake: apa m'pamene pali vuto. Amene ali ndi kafoni ka mabatani, amene amabwereka foni ya mwamuna wake, ndi amene kwawo netiweki imagwira pa chulu pokha, onsewo atsala kunja. Komabe njirayi ili ndi malo ake. Mabanja ambiri kuno ali ndi ana ku Joni, ndipo gulu la maliro kapena la chitukuko cha kumudzi limene mamembala ake ena ali ku Johannesburg, ena ku Durban, ena kwa Katuli, silingakumane pansi pa mtengo umodzi.

Kusamalira: musanavote chotsani m'gulu manambala a anthu amene si mamembala ndi a amene ali ndi manambala awiri. Lengezani ola loyambira ndi lotsekera, ndipo pa ola lotsekeralo anthu atatu ajambule zotsatira, chifukwa munthu amatha kusintha voti yake pambuyo pake.

Zovuta: voti ya pa WhatsApp si yachinsinsi, aliyense m'gulumo amaona amene wavotera uje. Ndi kukweza manja komwe, kungoti kwachitikira pa foni. Admin amene akupikisana nawo atha kulowetsa kapena kutulutsa anthu. Ngakhale maiko amene anagula makina enieni anakumana ndi funso la umboni. Namibia inayamba kuvota pa makina ochokera ku India mu 2014, koma mu 2020 khothi lalikulu kumeneko linati makina opanda pepala lotsimikizira voti sakukwaniritsa lamulo, ndipo dzikolo linabwerera ku mapepala. Kuno mkangano wa 2025 pa zida zimene MEC inagula ku kampani ya Smartmatic unali pa kalembera, kuzindikira ovota ndi katumizidwe ka zotsatira. Kuvota kwenikweniko kunali pa pepala.

WOPAMBANA NDANI: WOCHULUKA MAVOTI KAPENA 50+1?

Ili ndi funso lina, ndipo liyankhidwe musanavote. Tiyerekeze ovota 200 ndi opikisana asanu amene apeza 52, 48, 41, 35 ndi 24. Pa njira ya wochuluka mavoti, wa 52 ndiye wapampando, ngakhale anthu 148 sanamufune. Ndi mmene Bingu wa Mutharika anapambanira mu 2004 ndi Peter Mutharika mu 2014, aliyense ndi mavoti pafupifupi 36 pa 100 alionse. Aphungu ndi makhansala amasankhidwabe motere mpaka lero. Njirayi ndi yotchipa, imatha tsiku limodzi, ndipo aliyense amaimvetsa. Choipa chake n'chakuti wochenjera amaimika anzake awiri kuti agawe mavoti a mdani wake.

Pa 50+1 wopambana apitirire theka la mavoti abwino. Pa 200 ndi 101, osati 102 monga amawerengera amene amaganiza kuti ndi 51 pa 100. Akapanda kupezeka, awiri otsogola amabwereza. Nyumba ya Malamulo inakana njirayi mu Disembala 2017, koma makhothi mu 2020 anagamula kuti ndi mmene malamulo a dziko ayenera kumvekera pa chisankho cha pulezidenti. Chochititsa chidwi n'chakuti chibwereza cha awiri sichinachitikebe: Lazarus Chakwera anapeza pafupifupi 59 pa 100 pa 23 Juni 2020, ndipo Peter Mutharika pafupifupi 57 mu 2025. Chimene lamuloli linasintha mu 2020 ndi migwirizano isanafike voti, monga wa Tonse ndi wa DPP ndi UDF. M'komiti mwanu zidzateronso, anthu adzagawana maudindo usiku wake, ndipo si zoipa malinga ovota adziwe.

Kwa gulu laling'ono mtengo wa 50+1 ndi mapepala ena ndi ola lina. Konzeranitu mapepala a chibwereza okhala ndi zizindikiro ziwiri zokha, ndipo mubwereze tsiku lomwelo anthu asanabalalike. Mukasiya sabata pakati, ndalama ziyenda m'mudzi.

Posankha mamembala wamba a komiti, vuto limakhala lina: gulu lalikulu limatenga mipando yonse. South Africa ndi Mozambique amagawa mipando ya aphungu molingana ndi mavoti a chipani chilichonse, ndipo Law Commission ya kuno mu 2017 inapereka maganizo oti boma lililonse likhale ndi mpando wa phungu wamkazi, koma sizinatheke. Pa komiti, chofanana nacho n'kugawiratu mipando: pa BVC, ingapo ya eni zida, ingapo ya alovi, ingapo ya amayi ogula ndi kuyanika nsomba, gulu lililonse n'kuvotera anthu ake. Makomiti a m'magombe anayambira kuno, ku nyanja ya Malombe ndi kumtunda kwa Shire cha m'ma 1993, ndipo funso loti eni makoka angalondere okha nyengo yotseka nyanja silachilendo.

NJIRA ITI PA GULU LITI

Banki mkhonde kapena gulu la anthu osapitirira 30: mfundo wamba kwezani manja, koma msungichuma ndi osunga makiyi asankhidwe pa timapepala topinda m'mbale yovundikira.

BVC, kapena gulu lililonse limene bwana ndi antchito ake akuvotera limodzi: pepala lachinsinsi, mipando yogawiratu, nthawi ya masana asodzi atapuma, osati Lachisanu.

VDC ndi ADC (komiti ya chitukuko ya dera la mfumu yaikulu), kumene kumadutsa mayina a olandira thandizo ndi ntchito za chitukuko: pepala lokhala ndi zizindikiro, 50+1 pa wapampando yekha, ndipo mafumu akhale mboni, asawerenge nawo. Mudzi wakutali ndi fotokope ugwiritse mabokosi ndi timakadi todinda.

Komiti ya mzikiti, mpingo kapena sukulu: ngati wopikisana ndi mmodzi ndipo palibe wotsutsa, manja akwanira. Akangokhala awiri, pepala.

Chipulula cha chipani: kaundula wa nthumwi wosainidwa ndi opikisana onse sabata isanafike, pepala lachinsinsi, kuwerengera pamalo. Ngati likulu laumirira mzere, limbikirani khomo limodzi, kuwerenga mizere yonse nthawi imodzi, ndi kanema wa mzere uliwonse kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo.

Gulu la kumudzi limene mamembala ambiri ali ku Joni: WhatsApp pa mfundo ndi pa maudindo opanda ndalama. Pa msungichuma, aliyense atumize voti yake payekha kwa akuluakulu atatu amene sakupikisana nawo, atatuwo ayerekeze manambala awo asanalengeze.